Lipoti la zitsa zitatu: mombo, mthethe ndi bougainvillea

Ndili ndi nazale yaing'ono kuno ku Chipata. Zondidyetsa ndi mbande za mango omezanitsa, malalanje ndi maluwa a m'miphika, koma kuseri kwa nyumba, pansi pa chisakasa cha udzu, ndimasungako timitengo ta bonsai. Wogula mbande akasuzumira kumeneko funso lake limakhala lomwelomwelo: mbewu yake mumaipeza kuti? Mbewu ya bonsai kulibe. Ndi kachere yemweyu, bwemba yemweyu, kungoti waleredwa m'mbale yosazama, akudulidwa mizu ndi nthambi chaka ndi chaka. Liwuli ndi la Chijapani, limatanthauza chomera chobzalidwa m'mbale, ndipo lusoli Ajapaniwo analitenga ku China.

Ukayambira ku njere umadikira zaka zambiri thunthu lisanaonetse ukalamba. N'chifukwa chake ambiri timakumba mtengo wokhwima kale, kutchire kapena pakhomo pa munthu. Wokumbidwa kumapiri Ajapani amautcha yamadori. Pano ndikulemba za mitengo itatu imene ndinatenga m'zaka ziwiri zotsatizana: iwiri m'tsala la amalume, umodzi pampanda wa nyumba ina ku Kapata. Umodzi unafa. Wokongola kuposa yonseyo ndiwo unafa, ndipo ndinaupha ndine.

Malo ndi chilolezo

Amalume anga amalima kumsewu wa ku Chadiza. Chigawo chakumtunda cha munda wawo chinagona nthawi yaitali mpaka chinasanduka tsala, modyera mbuzi ndi ng'ombe za m'mudzi. Chaka chimenecho anafuna kuchithyola kuti abzalemo soya. Kumapeto kwa Ogasiti, pobwerera ku Kulamba ku Mkaika, ndinawapatukira ndipo ndinapeza anyamata ayamba kale kugwetsa zitsamba.

"Amalume, zitsa izi muzitani?"

"Tizula, mphwanga. Zikuluzikulu tiwotcha makala. Bwanji, nkhuni zatha kutauniko?"

Nditawafotokozera anaseka, koma anandilola. Ngakhale munda unali wawo, tinapita limodzi kwa anyakwawa kukanena. Uku si kungosunga mwambo chabe. Munthu wachilendo woyenda ndi piki m'tchire, n'kumakumba pansi pa mitengo, anthu amamuganizira zambiri: mankhwala, miyala yamtengo wapatali, kapena zina zosanenedwa masana. Komanso lamulo la zankhalango, Forests Act No. 4 ya 2015, limaika mitengo ya m'nkhalango za boma ndi ya m'malo a mafumu m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse, ndipo kuchotsa zinthu m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Wofuna kukumba kunja kwa munda wolimidwa ayambe wafika ku ofesi ya zankhalango. Ku South Luangwa National Park musayerekeze n'komwe. Kumanda ndi kudambwe sitifikako, ngakhale mitengo yokalamba bwino imakhala kumeneko, poti nkhwangwa siilowako wamba.

Ine ndinadziikira lamulo langalanga, loti ndimatenga mtengo umene waweruzidwa kale kuti ufa. Mapiri otizungulira kuno ku Chipata ayera kale ndi makala ndi nkhuni, palibe chifukwa choti ife a timiphika tiwonjezerepo. Ku Japan, mitengo ya shimpaku ya m'mapiri a ku Itoigawa inakumbidwa mpaka kutsala pang'ono kutha, chifukwa cha anthu oikonda omwewo.

Zimene ndinapeza

Zitsa zimene zinandikopa zinali ziwiri.

Choyamba chinali cha mombo, pakati penipeni pa tsala. Wina anaudula kalekale cha m'mawondo, ndipo moto wa chaka ndi chaka unadya mbali imodzi mpaka kusiya mphako yakuda. Khungwa linali long'alukang'aluka, thunthu lonenepa ngati katumba wa mwendo wanga, ndipo mphukira zinatuluka m'munsi momwe munthu angazifunire. Ndinangoima n'kumachiyang'ana. M'mutu mwanga chinali chitakhala kale m'mbale.

Chachiwiri chinali cha mthethe, m'mphepete mwa munda pafupi ndi chulu. Chinali chowonda, ngati dzanja langa pamkono, chokhotakhota chifukwa mbuzi zinkabudula nsonga iliyonse yotuluka. Sichinali chopatsa chidwi kwenikweni, kupatula minga yake yokowa imene inanding'ambira malaya.

Kenako ndinagwada n'kufukula patsinde, ndipo zimene ndinaona pansi zinasiyana ndi za pamwamba. Mombo unali ndi muzu umodzi waukulu wolunjika pansi, ndi ina iwiri yonenepa yopita m'mbali, yosalala ngati mipini ya makasu. Ndinailondola kutalika kwa mkono wanga osapeza timizu tating'ono. Mthethe nawo unali ndi muzu wolunjika pansi, koma pamwamba pake panali mizu isanu yonga zala, yoyanga mozungulira, yosazama.

Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono, poti mlandu wonse wagona pamenepa. Muzu wonenepa sumwa madzi. Ntchito yake ndi kugwiriza mtengo, kusunga chakudya ndi kupititsa madzi kumtunda. Timene timamwa ndi timizu tonga tsitsi ta kunsonga. Kuno mvula imaleka mu Epulo n'kudzabweranso mu Novembala, choncho mitengo ya m'nkhalango zathu za miombo imathamangira pansi ndi kutali kukafuna chinyezi. Kambande ka mombo kamatha kupserera kumtunda chaka ndi chaka, ndi moto kapena chilala, muzu wake ukukulabe pansi. Kachitsamba kofika m'chiuno kakhoza kukhala ndi muzu wa zaka zambiri kuposa momwe kakuonekera. Ukakumba patsinde umanyamula mpini wokhawokha, pakamwa pa mtengo watsala m'tchire.

Chinanso, miombo imakhalirana ndi bowa. Ulusi wa bowa umakuta timizu, n'kumathandiza mtengo kukoka madzi ndi chakudya m'dothi lathu losaukali, mtengo nawo n'kumaudyetsa. Ndicho chifukwa ndelema amaizula pansi pa miombo, osati m'munda wa chimanga. Dothi la patsinde pa mombo ndiye nyumba ya bowayo.

Zonsezi ndinkazidziwa tsiku limenelo. Sikuti ndinalakwa mosadziwa ayi.

Mombo: kukumba kwa tsiku limodzi

Mthethe amalume anavomera kuusiya chaka china, poti pulawo safika pachulu. Mombo unali panjira ya ng'ombe, ndipo anandiuza kuti ukafika Okutobala ukadalipo upita ku uvuni wa makala. Ndinabwereranso sabata yotsatira ndi piki, fosholo, sowo ndi masaka awiri.

Ndinakumba ngalande mozungulira, masentimita 30 kuchokera pathunthu, n'kudula mizu iwiri ya m'mbali ija. Muzu waukulu ndinaudula pakuya kwa masentimita 40, nditagona chamimba ndi sowo m'dzenje. Dothi la mu Seputembala ndi louma, silinagwirane ndi mizu, linangoyoyoka lonse. Ndinakulunga chitsa m'saka lonyowa, n'kumanga ndi malegeni kumbuyo kwa njinga yamoto. Kufika kunyumba ndinachitanso china chopusa: kadothi kochepa kamene kanatsalira m'mikwingwirima ya mizu ndinakatsuka ndi paipi, poopa kuti katondo agwira madzi m'bokosi. Ndinabzala mu mchenga wosefa n'kuika pamthunzi.

Patapita milungu itatu chitsa chinaphuka. Aliyense wakuno amadziwa maonekedwe a miombo mu Seputembala, pamene mapiri amafiira ndi masamba anthete mvula isanagwe. Kufiira komweko kunatulukira m'bokosi langa. Ndinajambula n'kutumizira anzanga pa WhatsApp, ndipo amalume ndinawaimbira foni kuti chitsa chawo chagwira.

Sichinagwire. Masambawo anatuluka ndi chakudya ndi madzi osungidwa m'thunthu, monga mmene chipika chodulidwa chimaphukira chili gone pabwalo. Ndipo tsamba lililonse lotuluka linkakoka madzi amene pansi panalibe chowabwezera. Kutentha kwa Okutobala kutafika, masamba anayamba kulefuka masana n'kudzuka usiku. Kenako analeka kudzuka. Ndinkawaza madzi katatu pa tsiku, ndinachepetsa mphukira, koma mvula ya chizimalupsa inapeza masamba atayoyoka. Mu Disembala ndinakanda khungwa ndi chikhadabo, pansi pake panali pofiirira ndi pouma mpaka patsinde.

Ndinachizula kuti ndione. Pamene ndinadula mizu panali pakuda, pofewa, pa fungo la chinthu chowola. Kamuzu katsopano panalibe ngakhale kamodzi. Miyezi itatu yonseyo ndinkathirira nkhuni.

Mthethe: kukumba kawiri

Mthethe ndinaubwerera pakati pa Disembala, nthaka itakhuta. Ulendo umenewu sindinapite kukautenga, ndinapita kukaukonzekeretsa.

Ndinajambula bwalo pansi, masentimita 25 kuchokera pathunthu, n'kukumba ngalande yopapatiza, m'lifupi mwa fosholo, kuya mpaka kupitirira mizu ya m'mbali. Mizu isanu ija ndinaidula ndi sowo, osati ndi khasu. Khasu limatswanya muzu, ndipo potswanyika pamawola. Podulidwa mosalala pamachita chipsera, ndipo m'mphepete mwa chipseracho ndi momwe timizu tatsopano timatulukira. Muzu waukulu wapansi sindinaukhudze. Umenewo ndiwo unayenera kumwetsa mtengo pamene inayo ikupola. M'ngalande ndinathiramo mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi masamba owolerana, osabwezeramo katondo, kuti timizu tipeze pofewa tisathawire kutali. Kumtunda ndinadula nthambi zazitali, pafupifupi theka la zonse, kuti zimene zatsala zifanane ndi mizu yotsala.

Adani awiri otsala anali mbuzi ndi moto. Ndinazinga ndi nthambi zaminga za mthethe womwewo. Mu Meyi mwana wa amalume analambula udzu mozungulira, ndipo anyamata osaka mbewa atatentha tchire mu Julaye moto unadutsa patali. Malipiro ake anali bandulo ya foni.

Ndinautenga kumayambiriro kwa Seputembala wotsatira, masamba akale atathothoka, maso a mphukira atayamba kutupa koma asanatseguke. Nthawi imeneyi ndi yaifupi, milungu iwiri kapena itatu, ndipo ndiyo yabwino, chifukwa mtengo uli ndi mphamvu yodzuka koma ulibe masamba owononga madzi. Madzulo a dzulo lake tinathira ndowa zitatu patsinde kuti dothi ligwirane. M'mawa dzuwa lisanakwere ndinakumba kunja kwa ngalande yakale. Pansonga iliyonse ya mizu isanu ija panali ngayaye za timizu, zina zili ndi timafundo tonga timene timaoneka kumizu ya mtedza ndi soya. Mthethe ndi wa banja limodzi ndi nyemba, ndipo timafundoto mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaupatsa chakudya chochokera mumpweya. Ndinalowetsa sowo pansi n'kudula muzu waukulu, ndinakweza mtengo ndi dothi lake lonse pa saka, n'kumanga zolimba. Kuchokera pokumba mpaka kubzala sipanapite maola atatu.

Sindinauike m'mbale ya bonsai. Mtengo wongokumbidwa ndi wodwala, umafuna malo okulirapo pang'ono. Ndinagwiritsa ntchito bokosi la matabwa la matimati, lokhala ndi mipata pansi, n'kuyalamo neti ya udzudzu yakutha. Ku Japan ali ndi dothi lawo la timibulu lotchedwa akadama. Langa ndimapanga ndi zimene zilipo: magawo awiri a mchenga wokhakhala wa kumtsinje, gawo limodzi la njerwa zowotcha zophwanya, gawo limodzi la manyowa a masamba, ndi nyenyeswa za makala dzanja limodzi kapena awiri. Zonse ndimasefa kawiri kuti patsale timibulu toyambira pa njere ya mapira kufika pa ya khobwe. Fumbi ndimataya. Anthu amamva chisoni kutaya fumbilo, koma ndilo limatseka mipata ya mpweya, ndipo mizu yosapuma imawola. Dothi lakutchire la patsinde ndinalisiya momwemo, ndinangodzaza m'mbali.

Chinthu chimene ambiri amachinyoza ndi kumanga. Kamuzu katsopano n'kofewa ngati ulusi wonyowa, mtengo ukagwedezeka ndi mphepo kapena nkhuku ikaterapo kamaduka. Ndinadutsitsa waya pansi pa bokosi n'kumanga mizu ikuluikulu, ndipo thunthu ndinalikoka ndi malegeni ku ngodya zinayi, mpaka ponyamula bokosi mtengo sunkasuntha.

Bokosi linakhala pa njerwa, osati pansi, ndipo pansi pake ndinkawazapo phulusa chifukwa cha chiswe, chimene chikanunkhiza matabwa onyowa sichichedwa. Linkalandira dzuwa la m'mawa lokha. Ena amavindikira mtengo wongokumbidwa ndi pulasitiki kuti chinyezi chisathawe. Kuno mu Okutobala zimenezo n'kuphika ndiwo. Ine ndinapachika masaka onyowa kumbali yochokera mphepo, n'kumawaza thunthu m'mawa ndi madzulo. Dothi ndinkathirira ndikapisa chala n'kupeza kuti pamwamba pauma.

Unaphuka pa sabata yachitatu, monga unachitira mombo. Sindinajambule. Ndinadikira zizindikiro zina: mphukira zitalike kupitirira chikhatho, masamba aime nji masana a Okutobala, ndipo mtengo uphukenso kachiwiri. Mlamu wanga anandidzidzimutsa tsiku lina madzulo kuti mtengo wanu ukufota, koma kunali kupinda masamba kumene mthethe umachita usiku uliwonse. Chakumapeto kwa Novembala timizu toyera tinasuzumira pamipata ya pansi pa bokosi. Pamenepo ndi pomwe ndinayamba kuupatsa madzi onyikamo manyowa a ng'ombe, osungunula kwambiri. Feteleza pamizu yamabala amatentha.

Chaka chonse choyamba sindinaudule kapena kuupinda ndi waya. Unamera mwachisawawa ngati tsache, ndipo ndinausiya dala. Tsopano ndikuuumba kuti ukhale ndi mutu wotambalala ngati ambulera, momwe mitengo yaminga imakhalira kuchigwa cha Luangwa. Anzathu a ku South Africa kaumbidwe kameneka amakatcha Pierneef, potengera katswiri wojambula zithunzi wa kwawoko, J.H. Pierneef, amene anamwalira mu 1957. Kukhotakhota kumene mbuzi za amalume zinasiya pathunthu sindikanatha kukupanga ndi waya.

Bougainvillea wa ku Kapata

Uyu sanandivutitse pokumba, ndipo sindimutayira mawu ambiri. Mayi wina wogula maluwa kwa ine ankachotsa mpanda wa maluwa kuti amange wa njerwa. Anandiimbira amisiri atagwetsa kale.

"Achimwene, bwerani mudzaone ngati pali chimene mungatolepo, mawa tikutentha."

Ndinapeza chitsa cha bougainvillea chonenepa kuposa mombo uja, chopotana ngati chingwe, chatemedwa ndi zikwanje n'kugona padzuwa kuyambira m'mawa. Ndinachinyika m'beseni usiku wonse, ndinasalaza mabala ndi sowo, ndinachifupikitsa mpaka masentimita 50, n'kubzala mu mchenga. Ngakhale chinazulidwa mwankhanza, patsinde panali timizu tambiri. Chifukwa chake n'chosavuta: kwa zaka zonsezo madzi otsukira mbale ndi ochapira ankatayidwa pomwepo, choncho mizu inalibe chokafuna kutali. Pofika Khrisimasi chinali chitadzaza masamba.

Vuto linadza mu Febuluwale. Ndinasiya bokosi pamtetete mvula ikugwa masiku otsatizana. Masamba anachita chikasu n'kuyamba kugwa, ndipo pamwamba pomwe ndinadula, popeza ndinadula mopingasa, madzi ankaima. Thabwa la bougainvillea ndi lofewa. Nditapisa chala chinalowa ngati mu mbatata yophika. Ndinasamutsira bokosi pakhonde, ndinalipendeketsa poika njerwa mbali imodzi, ndinakolopola powola ndi chizulo mpaka kufika pouma, n'kudulanso motsetsereka kuti madzi azitsika. Milungu iwiri sindinathirire. Anachira, ndipo mphako imene inatsalayo yamukongoletsa. Kwawo kwa chomerachi ndi ku South America, ndipo chimachita maluwa ambiri chikamva ludzu pang'ono. Mu Julaye ndi Ogasiti ndikachepetsa madzi, mutu wonse umafiira.

Zimene ndasintha

Tsopano ndikaona chitsa ndimayamba ndagwada, maso pansi, ndisanayang'ane kumtunda. Ngati timizu tili kutali ndipo mwini malo sangandipatse dzinja limodzi, ndimachisiya, kaya chikongole bwanji. Ndikanakhala wanzeru tsiku lija, mombo ukanapita ku makala, amalume n'kupezapo ya sopo, m'malo moti ufere m'bokosi langa.

Oyamba kumene ndimawatumiza m'makomo, osati kumapiri. M'tauni muno mipanda yamaluwa ikugwa mwezi ndi mwezi, anthu akumanga ya njerwa. Akachere amamera okha m'ming'alu ya zipupa ndi m'mifoleni, ndipo kachere ngakhale nthambi yongodula n'kuzika imagwira. Magwafa ndi mabulosi akale amadulidwa pokuza nyumba. Yonseyi mizu yake ili pafupi, ndipo eni ake amakuthokoza powachotsera.

Mombo sindinautaye mtima. Kumalire a munda womwewo kuli zitsa ziwiri zazing'onopo, zimene amalume andisungira. Disembala wathayu ndinadula mizu ya mbali imodzi yokha pa chilichonse, ndipo m'ngalande ndinabwezeramo dothi lomwelo losakaniza ndi zinyalala za pansi pa miombo inzake. Mbali inayo ndidula dzinja likudzali, muzu waukulu ndidzaucheka theka, ndipo kuzula kudzakhala Seputembala wachitatu, ndi dothi lake lonse, paipi osayandikira. Amalume atamva zoti ndi zaka zitatu anagwira pakamwa.

"Mphwanga, mango ako aja akanabereka kale. Koma poti ndi zako, uzibwera ndi shuga pozidzaonapo."